COBISIKA NDICO CIMAPHA

Werengani 2 Samueli 11 ndi 12.

Mwezi uno tifuna kulankhula nanu za mlandu umene anthu sakonda kuuchula pabwalo, kapena pakhonde, ngakhale m'nyumba ya mapemphero. Ndiwo mlandu wa nthenda zimene mwamuna ndi mkazi apatsirana pogona pamodzi: cindoko, cinzonono, mabomu, ndi kacirombo ka HIV kamene kabala Edzi. Ena adzati, Zinthu izi nza manyazi, siziyenera kulembedwa m'kalata wa mpingo. Koma tapitani kumanda a mudzi wanu, muone mbali ija tiika tiana. Ena a manda ang'onoang'onowo anakumbidwa ndi manyazi omwewo, pakuti munthu wina anadziwa kanthu, nakhala cete.

Mau athu onse akhala pa mutu umodzi, ndiwo uwu: cigololo ndi chimo lalikuru, koma kubisa zotsatira zace ndiko kumene kupha anthu osalakwa. Tiyambe ndi mfumu imene inayesa kubisa.

1. MFUMU IMENE INABISA.

Nkhani ya Davide muidziwa. Ankhondo ace anali kutali, alikuzinga mudzi wa Raba, koma iye anatsala ku Yerusalemu wopanda cocita. Tsiku lina madzulo, ali pamwamba pa nyumba yace, maso ace anagwa pa Bateseba, mkazi wa Uriya. Anafunsa, namuuza kuti ndi mkazi wa mwini. Koma anamuitanitsabe, nagona naye. Patapita masiku kunadza mthenga wakuti mkaziyo ali ndi pakati.

Tsono penyetsetsani cimene Davide anacita atamva uthengawo. Njira yolapa inali yotseguka, koma iye anasankha njira yobisa. Poyamba anaitanitsa Uriya kunkhondo, kuti akagone kunyumba kwace, mwana adzayesedwe wace. Uriya anakana, pakuti mtima wace unali ndi anzace ogona kuthengo. Kaciwiri mfumu inamledzeretsa, koma ngakhale mowa sunamsunthe. Kacitatu inalemba kalata kwa Yoabu, mkuru wa nkhondo, yakuti amuike Uriya pamene nkhondo yakula, ndi kumsiya afe. Ndipo kalatayo inanyamulidwa ndi Uriya mwini. Munthu wokhulupirika uja anayenda ulendo wonse imfa yace iri m'dzanja lace, osadziwa, cifukwa anakhulupirira amene anampatsa. Anafa iye, nafanso ankhondo ena pamodzi naye. Ndipo pambuyo pace mwana wobadwayo anadwala, namwalira.

Taonani, abale: chimo la usiku umodzi linabala mimba, koma kubisa ndiko kunabala maliro. Ndipo amene anayamba kuikidwa m'manda si Davide iai, koma anthu amene sanadziwe kanthu.

2. NTHENDA ZODZIWA KUBISALA.

Nthenda zimene tirikunena nazonso zidziwa kubisala, ndipo nkofunika kuti Mkristu ali yense adziwe macenjera ao. Sizidza ndi ufiti, sizidza ndi tsempho, ndiponso sizidza ndi mphepo. Zidza ndi tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene tituruka m'thupi la wina ndi kulowa m'thupi la mnzace.

Kacirombo ka cindoko nkopotapota, ndipo anayamba kukaona ndi Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann ku Berlin m'caka ca 1905, poyang'ana m'magalasi okuza zinthu. Kakalowa m'thupi, papita ngati masabata 3, ndipo pamalo pamene kanalowera pabuka kacironda kamodzi kouma m'mbali, kosawawa. Kwa mkazi kawirikawiri kakhala m'kati, kosaoneka konse. Pakapita masabata 3 kufikira 6 kacirondako kapola kokha, ngakhale munthu sanamwe mankhwala. Apa ndi pamene pali msampha. Munthu ati, Ndacira. Ndipo ngati anamwa mitsitsi, atamanda sing'anga. Koma nthenda sinacoke, yangolowa m'magazi. Pambuyo pace zituruka zidzolo, makamaka m'zikhato ndi pansi pa mapazi, pamodzi ndi kutentha kwa thupi ndi mwanabere. Izinso zizimirira zokha. Tsono nthenda igona cete zaka zambiri, ndipo mwa ena idzauka patapita zaka 10, 20 kapena 30, kuononga mtima, ubongo, maso ndi mitsempha ya kumsana, munthu nayamba kudzandira kapena kusokonezeka mutu, abale ace nati walodzedwa.

Kacirombo ka cinzonono anakapeza Albert Neisser m'caka ca 1879. Mwamuna akakatenga, masiku owerengeka okha amva kutentha pokodza, naona mafinya. Koma akazi ambiri samva kanthu, kapena amva pang'ono pokha, nayesa kuti ndi zobvuta za masiku onse za amai. M'menemo nthenda irikukwera m'kati.

Kacirombo ka HIV ndiko kabisala koposa. Munthu akhoza kukhala nako zaka 8 kapena 10 ali wonenepa, alikulima ndi kuyimba m'kwaya, kacirombo kalikudya citetezo ca thupi lace pang'onopang'ono. M'Malawi muno munthu woyamba anapezeka nako m'caka ca 1985. Ndipo pa kuwerenga kwa m'zaka za 2020 ndi 2021 kunapezeka kuti mwa akuru 100 ali onse, pafupifupi 9 anali nako, akazi ocuruka koposa amuna. Dziwaninso kuti nthenda izi zithandizana: cironda ca cindoko kapena ca mabomu ciri ngati mpata pa mpanda, pamene HIV ilowera mosabvuta.

Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linena kuti tsiku liri lonse anthu oposa 1 miliyoni atenga imodzi ya nthenda zotere zimene ziri ndi mankhwala ocizira, ndi kuti ambiri a iwo alibe cizindikiro. Cifukwa cace mnyamata amene ati, Ndamuyang'ana, ngwabwinobwino, alankhula zopusa. Makolo athu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Maso sayeza magazi.

3. URIYA WA MASIKU ANO.

Nanga Uriya wa masiku ano ndani, amene anyamula kalata wa imfa yace osadziwa? Kawirikawiri ndi mkazi wa m'nyumba, amene sanadziwe mwamuna wina ciyambire ukwati wace. Nthawi zina ndi mwamuna wokhulupirika amene mkazi wace anayenda njira yambali. Ndipo pambuyo pa onsewa pali wina wosatha ngakhale kulira, ndiye mwana wa m'mimba.

Mai wapakati akakhala ndi cindoko, kacirombo kadutsa m'magazi ace ndi kufika kwa mwana. Pamenepo mimba ipita padera, kapena mwana abadwa mtayo, kapena abadwa masiku osakwana, kapena abadwa wamoyo koma wodwala, wa zironda ndi cimfine cosatha, namwalira asanaturuke m'cikuta. Ena akula, koma ogontha kapena osapenya bwino. A WHO anawerenga kuti m'caka ca 2016 cokha, pa dziko lonse, cindoko cinagwira ana a m'mimba okwana ngati 661,000, ndipo oposa 200,000 a iwo anabadwa akufa kapena anamwalira ali akhanda.

Mudziwa inu nomwe zimene zicitika m'midzi yathu mai akataya mimba kawiri kapena katatu. Abale asonkhana, natuma anthu kukaombeza. Ula ugwera nkhalamba ina yosauka ya kumapeto kwa mudzi, kapena apongozi, kapena mkazi mnzace. Mabanja adana, ena asamuka. Ndipo pa bwalo lonselo pakhala munthu mmodzi wodziwa kuti caka catha anali ndi kacironda kamene kanapola kokha. Akhala cete, nathandiza kuloza nkhalambayo cala. Kodi ameneyu asiyana bwanji ndi Davide polemba kalata uja?

Cinzonono naco ciri ndi mlandu wace. Cikakwera m'kati mwa mkazi citupitsa tinjira timene dzira lidzera popita m'ciberekero, ndipo pakupola tinjirato titsekeka ndi zipsera. Mkazi wotere sakhalanso ndi pakati. Kapena mimba ikhala m'kanjira momwemo, niphulika, mai nataya magazi m'kati kufikira imfa ngati safika msanga kucipatala. Tsono abale a mwamuna ayamba kumnyoza kuti ndi cumba, wongodya nsima. Mwamuna atenga mkazi wina, nampatsira nthenda yomweyo, nayenso akhala wosabala. Mwamuna mwiniyo akhozanso kutsekeka njira ya mbeu. Ndipo mwana wobadwa kwa mai wa cinzonono atupa maso ndi kuturuka mafinya masiku oyamba, ndipo akapanda kuthandizidwa akhala wakhungu moyo wace wonse. Ndico cifukwa cace anamwino apaka mankhwala m'maso mwa khanda longobadwa kumene.

Mwambi uti nkhuyu zodya mwana zipota wamkuru. Koma pa mlandu uwu mwambi watembenuka: nkhuyu adya ndi wamkuru, opotedwa ndi mwana.

4. NJIRA ZIMENE NTHENDA ILOWERA M'MUDZI.

Mlimi wanzeru akaona kuti nguluwe zadya cimanga, sangolira, koma afuna pamene zinalowera. Tiyeni nafenso tione mipata yathu.

Mpata woyamba ndi ulendo. Kuyambira masiku a Wenela amuna a dziko lino akhala alikupita ku Joni ndi ku Halale kukafuna ndalama, kusiya akazi kumudzi caka cimodzi kapena ziwiri, ena nakhala machona. Pakati pa 1988 ndi 1992 amuna athu ngati 13,000 anabwezedwa ku migodi ya ku South Africa, ndipo cifukwa cimene cinanenedwa cinali ca HIV. Wenela anatha, koma ulendo sunathe: anyamata alikupitabe ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo oyendetsa magalimoto akuru agona masiku pa zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Ulendo pa wokha si chimo. Koma mwamuna ali yekha kutali, ndi mkazi ali yekha kumudzi wopanda sopo ndi mcere, onse awiri ali pa ciyeso.

Mpata waciwiri ndi ndalama zodza tsiku limodzi pamodzi ndi mowa. Banja lonse lagwira nchito ya fodya miyezi 9, kuyambira kunazale kufikira kumanga mabelo. Mai ndi ana anasoka masamba mpaka zala kuda. Koma ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu kupita bambo yekha. Ndalama zikaturuka, ena agona sabata pa malo omwera, nabwera kunyumba ndi nsalu imodzi ya mai, ndi nthenda. Uriya ataledzera anasungabe mtima wace. Koma ambiri a ife mowa ukalowa, nzeru ituruka.

Mpata wacitatu ndi umphawi umene ugulitsa thupi. Kunyanja kuli amai ogula usipa amene apatsidwa nsomba pokhapokha atagona ndi msodzi. Kusukulu kuli atsikana amene munthu wamkuru, wa msinkhu wa atate ao, awanyenga ndi foni kapena ndalama ya mayeso. Pamenepa mlandu waukuru uli pa iye wa ndalama, monga unali pa mfumu imene inatuma anthu kukatenga mkazi amene sakanatha kukana. Lamulo la dziko la 2015, limene linatsimikizidwa m'malamulo akuru m'caka ca 2017, likaniza ukwati wa mwana wosafika zaka 18.

Mpata wacinai ndi miyambo ina: kulowa kufa, cokolo, fisi, ndi kusasa pfumbi kwa anamwali. Makolo anaziika poyesa kuti acinjiriza mudzi ku imfa. Koma lero tidziwa kuti ndizo zitenga imfa m'nyumba ya maliro ndi kuigawira nyumba zina. Lamulo la za HIV ndi Edzi la caka ca 2018 liletsa miyambo yotere. Mkazi wamasiye afuna cimanga, denga losadontha ndi citonthozo, ndipo mpingo ukhoza kumpatsa zimenezi popanda munthu kulowa m'nyumba mwace usiku.

Ndipo pa mipata yonseyi onjezani ici. Munthu wa zibwenzi ziwiri nthawi imodzi ayesa kuti agona ndi anthu awiri okha. Koma cibwenzi cace ciri ndi wina, ndipo winayo ali ndi mkazi wace, kotero kuti anthu ambiri osadziwana amangidwa pamodzi ngati mfundo za ukonde. Nthenda ikalowa pa mfundo imodzi iyenda ukonde wonse. Mapanga awiri abvumbwitsa; ndipo abvumbwa si mwini yekha.

5. COCITA MKRISTU.

Coyamba, thawani. Yosefe m'nyumba ya Potifara sanaime kuti ayese mphamvu zace. Anasiya cobvala, nathamangira kunja. Njira yosalephera ndiyo yomwe Mulungu anaika paciyambi: mnyamata ndi namwali adikire, ndipo mwamuna ndi mkazi akhale awiri okha. Koma kuthawa kufuna nzeru. Mukapita kukalandira ndalama za fodya, pitani ndi amai a kunyumba, kapena bwerani tsiku lomwelo. Mukapita kunchito kutali, tumizani thandizo mwezi ndi mwezi, funani mpingo kumene muliko, ndipo musacedwe kubwera. Anyamata ndi anamwali ofuna kulowa m'banja ayambe apita kukayezetsa magazi pamodzi, asanafike kwa ankhoswe ndi kwa abusa ndi tsiku la ukwati.

Caciwiri, ngati mwagwa, pitani kucipatala msanga. Kumbukirani Namani, kazembe wa nkhondo wa ku Aramu, amene anali ndi khate pansi pa zobvala zace zaulemu. Elisa atamuuza kuti akasambe m'Yordano, anapsa mtima cifukwa njirayo inamcepetsa. Pang'onong'ono akadabwerera kwao ndi khate lace. Anacira pamene anabvula ulemu ndi kutsikira m'madzi. Momwemonso mkuru wa mpingo, mphunzitsi kapena nyakwawa adzacira pamene alola kukhala pa benchi la cipatala pamodzi ndi anthu wamba.

Ndipo tiyamike Mulungu cifukwa ca masiku amene tirimo. Kale odwala cindoko analasidwa mankhwala aukali ochedwa Salvarsan, amene Paul Ehrlich anaturutsa m'caka ca 1910, ndipo kulasidwako kunali kwa miyezi yambiri. Koma Alexander Fleming anapeza penisilini ku London m'caka ca 1928, ndipo m'caka ca 1943 John Mahoney anaonetsa kuti mankhwalawa apha cindoko. Lero nthenda ikapezeka msanga, jekeseni imodzi ya penisilini ikwana; ikakhalitsa, alasa katatu, kamodzi pa sabata. Koma zimene nthenda yaononga kale mu ubongo kapena mumtima sizibwerera. Cifukwa cace musacedwe.

Cinzonono cicizidwanso, koma cenjerani. Kacirombo kace kaphunzira kupirira mankhwala ambiri, kotero kuti penisilini sakaphanso, ndipo kucipatala alasa jekeseni ina. Amene agula makapisozi awiri kapena atatu pamsika, namwa mobisa, aziziritsa mafinya okha, nalimbitsa kacirombo.

HIV siicoka m'thupi, koma igonjetsedwa. Kuyambira caka ca 2004 mankhwala a ARV aperekedwa ulele m'zipatala za dziko lino. Ndipo m'caka ca 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kuika lamulo lakuti mai ali yense wapakati kapena woyamwitsa wopezeka ndi kacirombo ayambe mankhwalawa pomwepo, kwa moyo wace wonse. Ana ambiri abadwa opanda kacirombo cifukwa ca ici. Munthu womwa mankhwala ace tsiku ndi tsiku kufikira kacirombo sikaonekanso poyeza, sapatsira mkazi wace kapena mwamuna wace. Ndipo amene wagwiriridwa, kapena wagwa m'ngozi yotenga kacirombo, athamangire kucipatala asanathe maora 72, pakuti alipo mankhwala a masiku 28 ocinjiriza. Munthu ali yense amene akuuzani kuti, Ndakupemphererani, tayani mankhwala, musamvere, ngakhale adziche mneneri. Mulungu amene amva pemphero ndi yemweyo anapatsa nzeru opanga mankhwala. Kutaya mankhwala si cikhulupiriro, koma kumyesa Mulungu.

Cacitatu, ndico cobvuta koposa zonse: uzani mnzanu wa m'nyumba. Mwamuna amene akalasidwa jekeseni kutali kumene sadziwika, nabwera osanena kanthu, wamsiya mkazi wace ndi nthenda. Ndipo posacedwa adzaitenganso kwa mkazi yemweyo. Awiriwo acizidwe pamodzi, ndipo aleke kukhalira pamodzi kufikira masiku amene a cipatala anena atatha. Pamene mmodzi ali ndi HIV ndi wina alibe, kondomu icinjiriza wosadwalayo, ndipo palibe manyazi pa ici pakati pa mwamuna ndi mkazi wace. Kwa iwo amene aumitsa mtima, nakana kuleka njira zao, titi: kondomu sisandutsa chimo kukhala cilungamo, ndiponso siphimba cironda ciri pambali, komabe musaonjeze kupha pa cigololo canu. Ngati pakamwa palemera kuulula, pemphani namwino, nkhoswe, kapena mkuru wa mpingo wosunga cinsinsi, akhale nanu pamene mulankhula. Wamva m'mimba ndiye atsegula citseko.

Cacinai, inu amai apakati, yambani sikelo mimba isanapitirire miyezi 3, musadikire kuti ionekere. Pemphani kuti akuyezeni cindoko pamodzi ndi HIV. Ndi kadontho ka magazi a pa cala, ndipo yankho lituruka tsiku lomwelo. Jekeseni yolasidwa mimba ikali yaing'ono iciza mai ndi mwana pamodzi. Ndipo inu abambo, pitani nao. Kawirikawiri mai ndiye ayamba kupezeka ndi nthenda, cifukwa ndiye ayamba kuyezedwa. Si kunena kuti ndiye anaibweretsa. Mwamuna amene amenya kapena kupitikitsa mkazi wace cifukwa wabwera ndi uthenga wa kusikelo, aphunzitsa amai onse a m'mudzi kubisa, ndipo mwazi wa ana otayika udzafunsidwa kwa iye.

6. MAU KWA MPINGO.

Tsono mau otsiriza apita kwa ife tonse, akuru, alangizi, mabungwe a amai ndi Akristu onse. Tidzifunse: kodi anthu abisiranji? Abisa cifukwa aopa malilime athu. Aopa kuti akaoneka pa khomo lija la kucipatala, pofika Lamulungu mudzi wonse udzakhala utamva.

Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wosaona cibadwire, anafuna kudziwa kuti wocimwa ndani, iye kapena akumbala. Ambuye anakana zonse ziwiri, namciza. Momwemo ife tisayese kuti wodwala ali yense ndi wacigololo. Wina anatengera kwa mwamuna wace, wina anabadwa nayo, wina anagwiriridwa ali mwana. Ndipo ngakhale iye amene anacimwadi, kodi chimo lace liposa la uyo anacita zomwezo koma sanadwale? Kacirombo sikawerenga macimo; kalowa pamene kapeza mpata. Nthenda si ciweruzo ca Mulungu coti ife tiimirire pambali ndi kugwedeza mitu.

Nchito ya mpingo ndi nchito ya Natani. Mneneriyo sanalengeze mlandu wa mfumu pamsika. Anapita kwa mwini wace, namfotokozera fanizo la munthu wosauka amene analandidwa kankhosa kace kamodzi, kufikira Davide anadziweruza yekha. Sanabise coonadi poopa mfumu, ndiponso sanaitaye mfumuyo. Ndipo Davide atabvomera chimo lace, Mulungu anamkhululukira, ngakhale zowawa zina zinatsala m'nyumba mwace. Cotero mkuru wa mpingo amene munthu wamuululira nthenda yace, asunge mauwo ngakhale kwa mkazi wace, namperekeze munthuyo kucipatala. Alangizi polangiza anamwali ndi anyamata achule nthenda izi ndi maina ao ndi zizindikiro zao, asangoti, Kunjaku kwaopsa. Makolo alole ana ao akazi alandire katemera wa khansa ya khomo la ciberekero, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'caka ca 2019, pakuti kacirombo koyambitsa khansayo nakonso kapatsirana pogona pamodzi. Ndipo odwala tiwayendere, tidye nao mbale imodzi, tikhale nao pa Mgonero. Nthenda izi sizipatsirana ndi moni wa dzanja kapena cikho.

Mbale wanga, mlongo wanga, amene mukuwerenga mau awa mtima ulikugunda cifukwa mudziwa kanthu kamene mnzanu wa m'nyumba sadziwa: kalata uja mwampatsa kale m'dzanja, koma sanafike naye kwa Yoabu. Nthawi ikalipo yomuitana abwerere. Manyazi a kuulula ndi a sabata limodzi kapena mwezi. Manda a mwana akhala pamaso panu kufikira ukalamba. Lapani kwa Mulungu usiku uno, lankhulani ndi mnzanu, ndipo mawa mulawire nonse awiri kucipatala.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene muona za mumdima monga za poyera, ticotsereni mantha a anthu, mutipatse kuopa Inu. Sungani anyamata ndi anamwali athu, sungani a paulendo ndi otsala kumudzi. Limbitsani iwo amene ayenera kuulula, ndipo fewetsani mitima ya iwo amene adzamva. Dalitsani manja a madotolo ndi anamwino, ndipo citirani cifundo tiana tosabadwa. Tipempha m'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.